Dimba pakhomo, nkhalango ya zakudya kuseri kwa nyumba

M'kope lino tasindikiza mawu amene mlangizi wa zaulimi analankhula kwa amayi ndi abambo olankhula Chichewa ku Mbare, mumzinda wa Harare, mvula itatsala pang'ono kuyamba. Anthu a ku Mbare amakhala mothithikana, madzi ndi osowa, ndipo ambiri malo amene akukhalapo si awo. Ifenso pano pa kampu mavuto athu ndi omwewo, choncho taona kuti malangizowa atithandiza.

Zikomo amayi ndi abambo, agogo athu amene mwakhala kutsogoloku, ndi inu achinyamata amene mwaima kumbuyoko. Mwandipempha kuti ndilankhule m'Chichewa ndipo nditero, koma mayina ena a ndiwo ndiziwatchulanso m'Chishona kuti adzukulu amene anabadwira kuno asatsalire.

Nkhani yathu lero ndi ya ndiwo. Ufa munthu amagula kamodzi n'kukhala nawo masabata angapo, pamene ndiwo zimafuna ndalama tsiku lililonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati banja likuwononga dola imodzi patsiku pogula masamba, tomato ndi anyezi, pamwezi ndi madola 30, pachaka ndi madola 365. Ndalama imeneyo ndi ya fizi, ya lendi, ya kuchipatala. Dimba la pakhomo silingaibweze yonse, koma likabweza theka lokha banja limapumako.

Mukukumbukira chilala cha 2024, pamene boma la Zimbabwe, la Malawi ndi la Zambia onse analengeza kuti mayiko awo ali pa ngozi ya njala. Chaka chimenecho chimanga chinapserera m'minda, ndipo mitengo ya zakudya pamsika inakwera. Amene anali ndi mpapaya, kholowa kapena chammwamba pakhomo sankadya nsima yopanda ndiwo. Chilala chidzabweranso, ndipo nthawi yokonzekera ndi ino.

Ulimi umenewu si wachilendo kwa ife

Mbare inakhazikitsidwa m'chaka cha 1907, kalelo ikutchedwa Harari. Ambiri mwa makolo athu anafika kuno kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Ena anayenda pansi, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi a Mthandizi. Anabwera ndi gule wamkulu, beni ndi mipingo yawo. Anabweranso ndi kalimidwe kawo: chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, nthochi pamene pamatayidwa madzi osamba, mtengo wa mango pabwalo, nkhuku zikupalasa pansi pake.

Kalimidwe kotere masiku ano kali ndi dzina la Chingerezi loti permaculture. Dzinali analipanga ndi anthu awiri a ku Australia, Bill Mollison ndi David Holmgren, amene analemba buku lawo loyamba m'chaka cha 1978. Mfundo zake zikuluzikulu ndi kusamala nthaka, kusamala anthu ndi kugawana zotsala. Kuno ku Zimbabwe kuli malo ophunzitsira ulimiwu a Fambidzanai, kunja pang'ono kwa Harare, amene anayamba mu 1988. Ku Chikukwa, m'boma la Chimanimani, anthu a m'midzi anayamba ulimiwu mu 1991 ataona kuti akasupe awo akuuma ndipo mapiri akugugika. Anabzala mitengo, anatchinga madzi othamanga, ndipo lero anthu ochokera kutali amapita kukaphunzira kumeneko. Ku Malawi kuli Never Ending Food ku Chitedze ndi Kusamala ku Lilongwe, ndipo mu 2009 msonkhano wa dziko lonse wa alimi a permaculture unachitikira ku Malawi komweko.

Tanthauzo lake m'mawu achidule ndi ili: konzani pakhomo panu kuti chinthu chilichonse chizithandiza chinzake, ndipo pasapezeke chotayidwa. Madzi otsukira mpunga apite ku masamba. Makoko a mbatata apite ku kompositi. Kompositi ipite ku mtengo. Mtengo upereke mthunzi, zipatso ndi masamba ophimbira nthaka.

Yambani ndi maso

Musanagwire khasu, tengani masiku angapo mukungoyang'ana pakhomo panu. Dzuwa limawala pati m'mawa, nanga masana? Masamba ambiri amafuna dzuwa la maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Mvula ikagwa, madzi a padenga amagwera pati ndipo amathamangira kuti? Ana amasewera pati? Paipi ya madzi ndi ya suweji zadutsa pati? Kumbukirani kuti m'nyengo yozizira dzuwa kuno limapendekera kumpoto, choncho bedi loikidwa kumwera kwa khoma lidzakhala pamthunzi mu Juni ndi Julayi.

Mukaona zimenezi, ikani pafupi ndi khomo zinthu zimene mumazifuna tsiku ndi tsiku: masamba, anyezi, tsabola, tomato. Zimene mumaziyendera kamodzi pa sabata, monga nthochi ndi kompositi, zikhale chakuseri. Chifukwa chake n'chodziwika. Dimba limene mumalidutsa popita kukatunga madzi mumaliona likayamba kufota, pamene la kutali mumalikumbukira litauma kale. Komanso ndiwo za pakhomo wakuba amaziopa.

Yambani pang'ono. Bedi limodzi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita awiri m'litali, kapena matumba atatu, n'zokwanira chaka choyamba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Madzi

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti mumtima, madzi akumwa omwe tikuimira mzere pa mjigo, ndiye a dimba tiwatenga kuti? Funsoli ndi loona, ndipo yankho lake lili m'magawo atatu.

Gawo loyamba ndi mvula. Harare imalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 800 pachaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi ya madzi. Ndiye kuti kadenga ka mamita anayi m'lifupi ndi asanu m'litali kamatsitsa malita pafupifupi 16,000 pachaka, amene ndi zigubu 800 za malita 20. Madzi onsewo simungawasunge m'migolo, koma mungathe kuwasunga m'nthaka. Kumbani kangalande kochokera pamene madzi a padenga amagwera, kakathere m'dzenje lodzaza udzu ndi masamba ouma, patali mamita awiri kapena atatu ndi khoma la nyumba. Madziwo alowa pansi m'malo mothamangira kumsewu, ndipo mizu ya mitengo iwapeza mvula itasiya.

Pa nkhani imeneyi mphunzitsi wamkulu anali malemu Zephaniah Phiri Maseko a ku Zvishavane, dera louma kwambiri. Iwo atachotsedwa ntchito ya njanji chifukwa cha ndale m'zaka za m'ma 1960, anabwerera kumunda wawo wa miyala n'kuyamba kukumba maenje ndi kumanga timakoma totchinga madzi a mvula. Anthu ankati bambowa amabzala madzi asanabzale mbewu. Zitsime zawo zinkakhala ndi madzi ngakhale zaka za chilala, ndipo mu 2006 analandira mphotho ya bungwe la National Geographic. Anamwalira mu 2015, koma maenje a mtundu umenewo mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Phiri.

Gawo lachiwiri ndi madzi amene tagwiritsa kale ntchito. Otsukira mpunga, ndiwo ndi mbatata athireni molunjika pa bedi. Osamba ndi ochapira apite ku dzenje la nthochi. Dzenjeli likhale la mita imodzi kukula kwake ndi theka la mita kuya kwake. Dothi lotuluka mmenemo muliunjike m'mphepete, mubzalepo nthochi ziwiri kapena zitatu, koko ndi mbatata, ndipo m'dzenjemo mudzaze udzu kuti madzi asaonekere pamwamba. Madzi akaonekera, udzudzu uswana. Madzi ochapira matewera, okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala, kapena amafuta ambiri asapite kudimba.

Gawo lachitatu ndi kuphimbira. Nthaka yosaphimbidwa mu Okutobala imauma tsiku lomwelo. Yalani udzu wouma, masamba, mapesi kapena makatoni pamwamba pa bedi, kuchindikala ngati zala zinayi, koma zisakhudze tsinde la mbewu. Thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, pansi pa mbewu. Botolo la pulasitiki la malita awiri loboola timabowo tiwiri pansi, lokwiriridwa pafupi ndi tomato, limapereka madzi pang'onopang'ono ku mizu popanda otayika.

Nthaka

Dothi la pakhomo pa ambiri a ife ndi lopondedwa, lodzaza zidutswa za njerwa ndi magalasi. Limachira likapatsidwa chakudya. Mwayi wanu anthu a ku Mbare ndi wakuti Mbare Musika ili pakhomo. Tsiku lililonse pamsikapo pamatsala masamba a kabichi, makoko a chimanga ndi zipatso zoola. Pemphani kwa ogulitsa amene mumadziwana nawo, musankhe bwino kuchotsa mapulasitiki, mubwere nazo kunyumba.

Kapangidwe ka kompositi n'kosavuta. Pansi yalani timitengo kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma monga udzu ndi masamba, kenaka zaziwisi monga zotsala za kumsika, kenaka ndowe ya nkhuku, ya kalulu kapena ya ng'ombe ngati ilipo, phulusa pang'ono ndi kadothi. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Zouma zichuluke kuposa zaziwisi. Wazani madzi kuti mulu ukhale wachinyezi ngati nsalu yofinya, ndipo muuvundikire ndi thumba. Zikani ndodo pakati. Mukaizula patatha masiku anayi ndipo yatentha, kompositi ikupsa. Ikamanunkha zoola, madzi achuluka, onjezani zouma. Tembenuzani pakatha masabata awiri aliwonse. Pa miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza dothi lakuda lonunkhira ngati la m'nkhalango. Nyama, mafupa, nsima, ndowe ya galu kapena ya mphaka musaike, zimaitana makoswe ndi matenda.

Bedi likakonzedwa musamapondepo, ndipo musamaligaule chaka ndi chaka. Ingowonjezerani kompositi pamwamba n'kuphimbira. Nyongolotsi ndi zimene zizilima m'malo mwanu. Zinyalala za pabwalo musatenthe. Tsamba lililonse limene mwasesa n'kutentha ndi feteleza amene mwataya.

Kwa okhala m'mafulati ndi ochita lendi

Nyumba za ku Matapi, Nenyere, Matererini ndi Shawasha zinamangidwa nthawi ya atsamunda kuti muzigona amuna apantchito okhaokha. Lero m'chipinda chimodzi muli banja lonse, ndipo pabwalo ndi pa aliyense. Inu amene mumakhala kumeneko, dimba lanu ndi thumba.

Tengani thumba la makilogalamu 50. Sakanizani magawo awiri a dothi ndi gawo limodzi la kompositi kapena manyowa owolerana. Pezani chitini chobooka mbali zonse ziwiri, muchiimike pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, ndipo m'mbali mwake muthire dothi lija. Kokerani chitinicho m'mwamba, mudzazenso timiyala ndi dothi, mpaka thumba lidzaze. Pakati patsala mzati wa timiyala umene uzitsitsa madzi mpaka pansi. Boolani mabowo m'mbali mwa thumba motalikirana ngati chikhatho chotambasula, mulowetse mbande za repu, kovo kapena mpiru, ndipo pamwamba mubzale anyezi ndi tomato mmodzi. Thumba limodzi limatenga mbande pafupifupi 20 pamalo pamene pangaime munthu mmodzi. Madzi muzithira pa timiyala paja. Njira imeneyi yathandiza mabanja ambiri ku Kibera, mumzinda wa Nairobi, kumene anthu ndi othithikana kuposa kuno.

Zidebe zobooka, mabeseni akale ndi zigubu zodulidwa nazonso ndi dimba. Ku Magaba mungapeze migolo ndi zitini zotsika mtengo, koma funsani zimene munali. Mgolo umene munali mankhwala, penti kapena oilo usalowe dothi la ndiwo ngakhalenso madzi othirira. Ubwino wa chidebe ndi wakuti tsiku losamuka mumanyamula dimba lanu pamodzi ndi mapoto.

Tibzale chiyani?

Repu, kovo ndi kabichi tinazizolowera, koma zimafuna madzi ambiri ndipo nsabwe zimazikonda nyengo yotentha. Zibzaleni kuyambira Malichi mpaka Ogasiti. Nyengo ya mvula perekani malo kwa ndiwo za makolo: bonongwe amene anzathu amati mowa, luni amene amati nyevhe, chisoso, denje, therere, nkhwani imene amati muboora, chitambe, khwanya ndi kholowa. Zambiri mwa izi zimamera zokha, sizifuna mankhwala, ndipo masamba ake obiriwira kwambiri amathandiza magazi ndi maso, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ana. Mukazipeza zamera pa bedi musazizule ngati udzu.

Ku Malawi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Yesani kuti pakhomo pakhale kanthu ka gulu lililonse. Mbatata yofiira mkati ndi chinangwa ndi zokhutitsa, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Khobwe, nandolo ndi nyemba zoyanga pa mpanda ndi zanyemba. Mtedza, nthanga za maungu ndi mapeyala ndi zamafuta. Akalulu awiri m'kakhola kokwezeka amadya zotsala za kudimba, amapereka nyama ndi manyowa, ndipo sasokosera anansi. Musanayambe kuweta, funsani malamulo a khonsolo ndi chilolezo cha eni nyumba.

Nkhalango ya zakudya

Mukalowa m'nkhalango ya chilengedwe simupeza munthu wolima, wothirira kapena wothira feteleza, koma zomera zimakula chaka ndi chaka. Chinsinsi chake ndi chakuti zomerazo zimakhala mosanjikizana, nthaka siikhala yamaliseche, ndipo masamba ogwa amabwerera m'nthaka. Nkhalango ya zakudya ndi kutengera dongosolo lomwelo, kusiyana kwake n'kwakuti chomera chilichonse timachisankha ife.

Tiyerekeze kuti kuseri kwa nyumba kuli malo a mamita anayi mbali zonse. Pakati, kapena pakona yotalikirana ndi khoma, bzalani mtengo umodzi wokhalitsa: mango, peyala kapena ndimu, makamaka wolumikiza chifukwa sukula kwambiri ndipo subereka mochedwa. Mozungulira mtengowo ikani mapapaya awiri kapena atatu, chammwamba chimodzi ndi nthochi pa dzenje la madzi osamba lija. Pakati pa izi bzalani nandolo. Pansi pake pakhale tsabola, mabilinganya, bonongwe ndi chisoso. Mbatata ndi maungu ziyale pansi ngati mphasa. Pa mpanda pakwere magalagadeya, shushu kapena nyemba. M'nthaka mukhale chinangwa, koko ndi jinja.

Nandolo ali ndi ntchito yaikulu pamenepa. Mizu yake imasiya chakudya cha mbewu m'nthaka monga zimachitira mbewu zonse za gulu la nyemba, ndipo imaboola dothi lolimba. Amapereka mthunzi kwa kamtengo kakang'ono, ndiwo kwa inu, ndi tinkhuni pamapeto. Akakula kwambiri muzisadzula nthambi n'kuzisiya pansi pomwepo kuti ziolerane. Ku Malawi alimi amachita chimodzimodzi ndi gliricidia, ndipo agogo athu ankadziwa kalekale kuti chimanga cha pansi pa msangu chimabereka bwino.

Muyenera kudziwa nthawi imene chilichonse chimatenga. Bonongwe mumathyola pakatha masabata anayi kapena asanu. Chammwamba mumayamba kuthyola masamba pa miyezi yochepa, ndipo muzichidula msinkhu wa paphewa kuti chiphuke nthambi zambiri. Mbatata imakhwima pa miyezi inayi kapena isanu. Papaya amabereka pafupifupi pa chaka, nthochi pa chaka mpaka chaka ndi theka. Gwafa amatenga zaka ziwiri kapena zitatu. Mango ndi peyala zolumikiza zimatenga zaka zitatu kapena zinayi, pamene zobzala nthanga zimatha zaka zisanu kapena kuposerapo. Choncho mumayamba kudya mwezi wachiwiri, ndipo chaka chilichonse pamawonjezereka china. Mtengo waukulu ukayamba kuchita mthunzi, masamba ofuna dzuwa muwasunthire m'mphepete.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Mitengo ya mizu yamphamvu monga mabulosi ndi mapeyala ikhale kutali ndi paipi za suweji ndi maziko a nyumba. Mapaipi a kuno ndi akale ndipo amaphulika kale okha, tisawawonjezere vuto. Chachiwiri ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi, chimene chimawaula mapapaya, nthochi ndi chammwamba, makamaka m'malo otsika. Timitengo tating'ono tizitchingidwa ndi udzu kapena matumba usiku.

Tizilombo, mbewu ndi mfutso

Munda wosakaniza suonongeka msanga ngati wa mbewu imodzi. Anyezi ndi adyo pakati pa masamba amasokoneza tizilombo ndi fungo lawo. Yenderani dimba m'mawa uliwonse, mutembenuze masamba, mbozi muzitole ndi manja. Nsabwe zikachuluka, sinjani tsabola wowawa wodzaza dzanja ndi adyo, muviike m'malita awiri a madzi usiku wonse, musefe, muonjeze kasopo pang'ono, muwaze madzulo. Achule, abuluzi ndi mbalame ndi antchito anu, musawaphe. Mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro musagule. Simudziwa chimene chili mkati, ndipo m'nyumba ya chipinda chimodzi mwana amafikira paliponse.

Musabzale tomato pamalo amodzi kawiri motsatizana. Pamene panali tomato patsatire nyemba, pamene panali nyemba patsatire masamba.

Pa mtundu uliwonse siyani chomera chimodzi kapena ziwiri zamphamvu kuti zichite njere. Ziumitseni pamthunzi, musakanize ndi phulusa, musunge m'botolo lotseka bwino, ndipo mulembepo dzina ndi chaka. Mbewu za haibulidi sizibereka mofanana mukazibzalanso, choncho zosunga zikhale za makolo. Sinthanani mbewu kutchalitchi, kumzikiti ndi m'magulu anu osungitsa ndalama. Mbewu imene ili m'manyumba khumi siitha.

Mu Janyuwale ndi Febuluwale ndiwo zimachuluka mpaka kutayidwa. Imeneyo ndiyo nthawi ya mfutso, umene anzathu amati mufushwa. Viikani masamba m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, muyanike pamthunzi podutsa mphepo, pamalo okwera osafika fumbi. Mu Seputembala ndi Okutobala, masamba atakwera mtengo, mfutso wotendera udzakusungirani dola yanu.

Umoyo ndi malamulo

Apa ndipemphe kuti mumvetsere bwino, chifukwa dimba lingathe kudwalitsa. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, ndipo kuno ku Mbare taifodi yativutapo kangapo. Madzi a suweji yophulika amabiriwitsa masamba, koma musathirire nawo ngakhale kamodzi. Madzi a mu Mukuvisi nawonso ndi okayikitsa chifukwa mtsinjewu umadutsa m'madera a mafakitale ndipo umatenga zoipa zimene kuphika sikuchotsa. Pamalo amene panali dzala, pokonzera magalimoto kapena pophwanyira mabatire musabzale ndiwo m'nthaka. Gwiritsani ntchito matumba ndi dothi lochokera kwina. Masamba muziwatsuka ndi madzi abwino n'kuwaphika, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukachoka ku kompositi. Mgolo uliwonse wa madzi ukhale wovundikira chifukwa cha udzudzu ndi ana aang'ono.

Lamulo la dziko lino limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndipo kulima m'dambo kumafuna chilolezo. Bungwe la EMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Madambo a Harare ndi amene amasunga ndi kusefa madzi opita ku Nyanja ya Chivero, kumene mzinda uno umatenga madzi ake ambiri akumwa. Ndiponso mukudziwa kuti chimanga cholimidwa m'malo osaloledwa chimatha kutchetchedwa chisanakhwime. Mphamvu zanu ziyambe zapita pakhomo, pamene palibe wodzakutchetcherani. Pa bwalo la anthu onse, monga la m'mafulati, gwirizanani kaye ndi komiti, muone amene azithirira ndi mmene muzigawirana. Mipingo ndi masukulu nawonso ali ndi malo ongokhala. Pulogalamu ya SCOPE yakhala ikuthandiza masukulu a m'dziko muno kusandutsa mabwalo a fumbi kukhala minda kuyambira m'zaka za m'ma 1990, choncho pempho lotere kwa ahedi silikhala lachilendo. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga malowa poti si anga?

Ndasungira kumapeto funso lolemera kuposa onse. Wina anena kuti, ndibzaliranji mtengo pamalo pamene mawa angandichotse? Funsoli silochokera ku ulesi. Ambiri muno mukukumbukira 2005, pamene Murambatsvina inagwetsa tinyumba ndi misika kuno ku Mbare. Ena makolo anu anagwira ntchito m'dziko muno moyo wawo wonse koma analibe mudzi wobwererako, ndipo ena mpaka lero mukuvutika ndi zitupa. Abale athu a m'makampu, ku Tongogara m'boma la Chipinge kapena ku Dzaleka ku Dowa, amafunsa funso lomweli. Ambiri anafika akuganiza kuti akhala miyezi yochepa, koma ana awo anabadwira ndi kukulira pomwepo.

Yankho langa ndi lakuti bzalani molingana ndi nthawi imene mukuiona. Ngati simukudziwa za mwezi wamawa, bzalani m'thumba ndi m'chidebe. Ngati mukuona chaka chimodzi, onjezani mbatata, nandolo, chammwamba ndi papaya, zimene zidzakubwezerani thukuta lanu chakacho chisanathe. Ngati mwakhala kale pamalopo zaka zisanu mukunena kuti tichoka posachedwa, werengani kuti mango wobzalidwa chaka chimene munafika bwenzi mukudya lero. Kambiranani ndi eni nyumba, muwauze kuti mtengowo udzatsala wawo ndipo zipatso muzigawana. Ambiri savuta akamva choncho.

Mukadzasamuka mtengo udzatsala, zimenezo n'zoona. Koma mbewu za m'botolo, ziphukira za nthochi, zodula za mbatata ndi luso la m'manja mudzapita nazo, kaya ndi ku Epworth, ku Dedza kapena kutsidya kwa nyanja. Ndipo mango ndi mapeyala akuluakulu amene ana athu amagenda m'misewu ya Mbare lero anabzalidwa ndi anthu amene ambiri a iwo sanali eni malo.

Zoti tichite mvula isanagwe

Sabata ino yang'anani pakhomo panu, musankhe malo a dzuwa. Sabata yamawa yambani mulu wa kompositi ndipo mukumbe dzenje lolandira madzi a padenga. Fesani mbande m'zitini pamthunzi. Funani mbewu za makolo kwa agogo ali kutsogolowa, ndikukhulupirira kuti ambiri ali nazo m'timabotolo. Mvula yeniyeni ikagwa mu Novembala kapena Disembala, nthaka itanyowa bwino, bzalani mtengo wanu m'dzenje lofika m'bondo kuya kwake ndi kukula kwake, lodzaza dothi la pamwamba ndi kompositi. Muutchingire kuopa ana ndi ziweto, ndipo mupatse mwana mmodzi udindo wouthirira. M'mera mpoyamba.

Amene muli ndi mabedi kale, tengani mnansi mmodzi mumuphunzitse. Amene muli ndi nthochi, gawani ziphukira. Tikadzakumananso mu Malichi, aliyense abwere ndi zinthu ziwiri: kambewu koti tisinthane, ndi vuto limene wakumana nalo kuti tidzalione limodzi.

Tsopano ndilandira mafunso, ndipo tiyambe ndi amayi.